Mawu a Chingerezi m'mabuku a nkhondo za nthawi ya atsamunda: ndiyambire pati?

Funso: "Ndimakonda kuwerenga mabuku a nkhani zopeka a Chingerezi onena za moyo wa nthawi ya nkhondo pamene Angerezi ankalamulira kuno kwathu ndi maiko oyandikana nafe. Koma tsamba lililonse ndimakumana ndi mawu oti ngakhale ndiwapeze mu dikishonale, nkhani siimvekabe. Ndiphunzire mawu ati, ndipo ndiyambire pati?"

Yankho:

Achemwali, funso lanu ndalilandira ndi manja awiri. Choyamba mtima ukhale m'malo, Chingerezi chanu chilibe vuto. Mabuku amenewa amavuta ngakhale kwa Mngerezi wobadwira ku London masiku ano, chifukwa amatsanzira kayankhulidwe ka kagulu kochepa ka anthu: akuluakulu a asilikali, mabwana a boma ndi eni minda, amene anali ndi mawu awoawo. Dikishonale imakupatsani tanthauzo la lero pomwe wolemba akufuna la mu 1916 kapena 1944. Uphungu wanga ndi woti musavutike kuloweza chilichonse. Gwirani kaye mawu osonyeza kuti akulamula ndani ndipo akulamulidwa ndani, kenako mawu ofewa amene amaphimba zinthu zoopsa. Mayina a mfuti, zovala ndi zakudya adzabwera okha mukamawerenga.

Dziwani msanga kuti bukulo lili pa nkhondo iti. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika kuno isanathe ndi mwezi womwe. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inakawombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli, tsidya la nyanja. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho kunalira mfuti ku Karonga. Mkulu wa asilikali a Majeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anazunguza Angerezi zaka zinayi, analowa m'Mozambique, anatulukira ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, nakagonjera ku Abercorn pa 25 Novembala 1918, ku Ulaya nkhondo itatha kale masabata awiri. Buku likati "the campaign", nthawi zambiri likunena ulendo wonse umenewu wa kusakana m'tchire, osati kampeni ya ndale ayi. Pa nkhondo yachiwiri asilikali athu anapita kutali: Abyssinia, Madagascar mu 1942, Ceylon, kenako Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw chakufupi ndi mtsinje wa Chindwin. Moyale Barracks ya ku Mzuzu inatenga dzina ku Moyale, pamalire a Kenya ndi Ethiopia, komwe asilikali ochokera kuno analimbana ndi Mataliyana mu 1940.

Mayina akale a malo amasocheretsa anthu ambiri, choncho alembeni kuchikuto cha kope lanu. Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Hill ndi Chitipa, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Jameson ndi Chipata, Abercorn ndi Mbala. Abyssinia ndi Ethiopia, Ceylon ndi Sri Lanka, Burma ndi Myanmar. Zilembo P.E.A. zikuimira Mozambique wa pansi pa Apwitikizi.

Tsopano pa maudindo, pamene pagona nkhani. Gulu lankhondo la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitcha Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a kuno ku Nyasaland. Mukawerenga kuti gulu linali ndi "three officers and ninety men", mawu awiriwo akugawa anthu pakati. "Officer" ndi munthu amene ali ndi "commission", kalata ya udindo yochokera kwa mfumu ya ku Britain, ndipo mu Keyala wa nkhondo ziwiri zija munthu wotere anali mzungu. "Men", "other ranks" ndi "rank and file" ndi asilikali wamba, amene kuno anali akuda, otchedwanso "askari". Pakati pawo pali "N.C.O.", omwe ndi akopolo ndi asajeni. Munthu wakuda ankatha kukwera mpaka kukhala "sergeant major", wodziwa nkhondo kuposa aliyense pagulupo, koma ankaimabe njo pamaso pa "subaltern", kamnyamata ka zaka makumi awiri kongotsika kumene sitima, chifukwa "subaltern" ndi ofesala wamng'ono wa pansi pa kaputeni. Mukadziwa zimenezi, macheza ambiri a m'mabukumu amene ankaoneka ozizira amayamba kutentha. Sajeni wokalamba akayankha mwachidule, mumamva zimene wameza. Udindo wa "effendi", umene mungaupeze m'nkhani za m'zaka za m'ma 1950, unali wapamwamba kuposa onse kwa msilikali wakuda, komabe unali pansi pa maofesala achizungu.

Kukula kwa magulu kumathandiza kuona chithunzi. "Section" ndi anthu ngati khumi, "platoon" ngati 30, "company" kupitirira 100, "battalion" mazana angapo mpaka kuyandikira 1,000. Mabataliyoni angapo amapanga "brigade", mabrigedi angapo "division". "Column" ndi gulu limene lili pa ulendo, mzere wautali wa asilikali ndi onyamula katundu m'kanjira ka m'tchire.

Mumzere umenewo ndimo muli anthu amene ndikufuna muwayang'anitsitse kwambiri. Buku limawatcha "carriers", "porters" kapena "followers", ndipo kuno ankadziwika kuti amtengatenga. Dziko la nkhondoyo linalibe misewu, ndipo kashembe ankapha akavalo, ng'ombe ndi nyulu m'masabata ochepa. Buku likati "fly country" likunena dera la kashembe. Choncho chipolopolo chilichonse, thumba lililonse la ufa, mbali za mizinga, mahema a mabwana, zonse zinayenda pamitu ya anthu. "Load" imodzi inkalemera mapaundi 50 kapena 60, womwe ndi makilogalamu 23 mpaka 27. Olemba mbiri amati pa nkhondo yoyamba Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse anali ongopitirira miliyoni imodzi. Ambiri a iwo anali kudyetsa gulu la General Edward Northey, limene linalowa m'dziko lolamulidwa ndi Majeremani, lomwe lero ndi Tanzania, kuchokera kumpoto kwa nyanja mu 1916. Dera la Kariakoo ku Dar es Salaam ndi la Kariokor ku Nairobi anatenga mayina ku "Carrier Corps", nthambi imene inkayang'anira anthu amenewa.

Taonani tsono mmene mawu amawabisira. "Casualties" sikutanthauza akufa okha, komanso ovulala, osowa ndi ogwidwa, ndipo bwana wa m'buku akamawerengera, kawirikawiri amawerenga maofesala ndi asilikali, amtengatenga osawatchula. Iwo amagwera m'mawu akuti "wastage", mawu a m'sitolo onena za katundu wowonongeka, amene pano akutanthauza anthu amene afa ndi kamwazi, njala ndi chibayo, kapena athawa. Mukakumana ndi mawu amenewa imani pang'ono, pali maliro ambiri kumbuyo kwake. "Recruit" ndi "volunteer" nawonso muziwakayikira. Pa pepala munthu anadzipereka yekha. M'mudzi, mfumu inalamulidwa kupereka amuna angapo, amesenjala ankagwira anthu usiku, ndipo nthawi zina ankatsekera akazi kufikira amuna awo atatuluka m'tchire. "Deserter" ndi wothawa, ndipo chilango chake chinkatuluka ku "court martial", bwalo la milandu la asilikali. "Flogging", "lashes" ndi "kiboko" ndi chikoti. M'busa John Chilembwe anaona zimenezi zikungoyamba kumene. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka, amene alibe kanthu m'dziko, akuitanidwa kukafera nkhondo yosakhala yawo.

Mawu ofewawa alipo ambiri, ndipo ndiwo ndimawaopa kuposa mawu achipongwe, chifukwa achipongwe amadziulula okha. Chiganizo chikati mudzi unali "pacified", simunachitike mwambo wa mtendere m'menemo: nyumba zinatenthedwa, nkhokwe zinaphwasulidwa, anthu anagonja. "Punitive expedition" ndi ulendo wa asilikali wokalanga mfumu kapena mtundu wonse. "Requisition" ndi "commandeer" ndi kulanda chimanga, ng'ombe kapena bwato m'dzina la boma, mwina ndi kapepala kolonjeza malipiro. "Living off the country" ndi kudya za m'minda ya eni dera, zimene zinkasiya njala gulu likadutsa. Zimene ife timazitcha kuukira kwa Chilembwe, zimene zinayamba pa 23 Januwale 1915, m'kamwa mwa mzungu wa nthawiyo ndi "the rising" kapena "the native rising". "Disturbances", "unrest" ndi "trouble" angatanthauze chilichonse kuyambira msonkhano mpaka kuwomberedwa kwa anthu. "Loyal" ndi wokhulupirika kwa boma la atsamunda, kumene kwa abale ake mwina kunali kugulitsa. "Agitator" ndi munthu amene ankayankhula za ufulu.

"Emergency" ndi mawu ofunika kuwasamala mwapadera. M'mabuku onena za Malaya kuyambira 1948 mpaka 1960, kumene Keyala wa kuno anatumizidwanso, ndi za Kenya kuyambira 1952 mpaka 1960, imeneyi inali nkhondo yeniyeni imene boma silinafune kuitchula dzina. Kwathu kuno inalengezedwa pa 3 Malichi 1959, tsiku limene anthu anawomberedwa ku Nkhata Bay. "Detainee" ndi munthu wotsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, monga amene anali ku Kanjedza kapena ku Gwelo. Amasiyana ndi "convict", amene bwalo linamupeza wolakwa.

Palinso kayankhulidwe ka maofesala kamene kamatenga mawu a ulenje ndi masewero. Nkhondo amaitcha "show" kapena "scrap". Akati "we bagged six", akunena za anthu asanu ndi mmodzi amene aphedwa kapena kugwidwa, ndi mawu omwewo owerengera nyama zimene mlenje wapha. Wolemba waluso amaika mawu otere m'kamwa mwa munthu dala kuti muone mtima wake. Ndiye nthawi zonse muzifunsa: mawuwa akutuluka m'kamwa mwa ndani? Ngati ndi mtengambali amene akuti "native" kapena "boy" kwa bambo wa imvi, wolemba akhoza kukhala akukuonetsani nthawiyo mmene inalili. Koma ngati ndi wofotokoza nkhani mwiniwake amene akuyankhula motero tsamba ndi tsamba, osatekeseka, muli ndi buku limene likuona dziko ndi maso a atsamunda, ndipo muliwerenge mukudziwa zimenezo. "Boy" pano ndi wantchito wamwamuna wa msinkhu uliwonse. "Batman" ndi "orderly" ndi msilikali wotumikira ofesala, womuchapira, kumuphikira tiyi ndi kumunyamulira uthenga.

Apa pali chokulimbitsani mtima. Inu muli ndi mwayi umene wowerenga wa ku Ulaya alibe, chifukwa mawu ambiri amene iye amawasaka kumapeto kwa buku ndi anu. Bwanamkubwa ndi ma D.C. ankayenda pa "ulendo", ndipo ankalemba mawuwo momwemo pakati pa Chingerezi. Mupeza "machila", "boma", "dambo", "bwana", "dona", ndi "capitao" amene ndi kapitawo wa pa esiteti. Mupeza "chiperone", nyengo ija ya mvula yamawawa ndi chifunga ku Thyolo ndi ku Mulanje, maina amene iwo ankalemba kuti Cholo ndi Mlanje. M'mabataliyoni a kuno chinenero cholamulira chinali Chinyanja, ndipo maofesala ankayenera kuchiphunzira. Kumpoto kwa ife ankalamulira m'Chiswahili, n'chifukwa chake mumapeza "posho", chakudya chogawidwa, "shamba", munda, ndi "ruga-ruga", ankhondo aganyu osavala yunifolomu. Chenjerani pa "thangata", amene ena amalemba "tangata". Pakati pathu mawuwa ankanena za kuthandizana ntchito, koma pa maesiteti a ku Shire Highlands, monga wa A. L. Bruce ku Magomero, anasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. M'bukumo tanthauzo lake ndi lachiwirilo.

Mawu ena anachokera ku India, chifukwa ufumu wa Britain unkasamutsa anthu ndi mawu awo. Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, anabweretsa asilikali a mtundu wa Sikh kuno m'zaka za m'ma 1890. Choncho "sepoy" ndi msilikali wa ku India, "havildar" ndi sajeni wake, "memsahib" ndi dona, "dhobi" ndi wochapa zovala, "tiffin" ndi chakudya chamasana, "chit" ndi kapepala ka uthenga kapena ngongole. Mawu ankayenda mbali zonse ziwiri. Ife tinatenga sajeni ndi kopolo, ndipo magule a beni, malipenga ndi mganda akusungabe perete ndi maudindo a asilikali. Makolo athu anaitcha nkhondo yoyamba ija nkhondo ya chiwaya, potengera kulira kwa mfuti imene m'mabuku imatchedwa "Maxim" kapena "machine gun".

Mawu amene amapusitsa kwambiri ndi amene mumawadziwa kale. Wachilendo mumamuona n'kumufufuza, koma wozolowereka mumamudutsa muli ndi tanthauzo lolakwika. "Mess" si chisokonezo, ndi nyumba yodyeramo ndi kuchezeramo maofesala. "Lines" ndi nyumba za asilikali wamba kapena za antchito a pa esiteti. "Fatigues" si kutopa, ndi ntchito zamanja monga kukumba zimbudzi ndi kutema nkhuni, nthawi zina ngati chilango. "Leave" ndi tchuthi. "Kit" ndi katundu wa msilikali. "Stand to" ndi kukhala tcheru ndi mfuti m'manja m'bandakucha kapena chamadzulo, nthawi imene adani amakonda kuukira. "Relief" ndi gulu lobwera kudzalowa m'malo kapena kudzapulumutsa ozingidwa. "Engagement" ndi "action" ndi kumenyana, palibe za chinkhoswe. "Station" ndi paboma pamene bwana akukhala. Ndipo "Home" yolembedwa ndi chilembo chachikulu ndi ku Britain, ngakhale woyankhulayo atakhala ku Zomba zaka makumi atatu. Mawu amodzi amenewa amakuuzani kumene mtima wake uli.

Za moyo wa azungu pawokha sizivuta kwenikweni. "The Club" ndi malo awo ochezera amene wakuda ankalowamo ngati wantchito basi. "Sundowner" ndi chakumwa cha dzuwa likamalowa. "Planter" ndi mwini esiteti ya fodya, thonje kapena tiyi. Bwana wa boma la dera ankatchedwa "Collector" poyamba, popeza ntchito yake yaikulu inali kutolera "hut tax", msonkho wa nyumba. Kenako anakhala "Resident", kenako D.C. Dzina limene buku lagwiritsa ntchito limakuuzani kuti nkhani ili m'zaka ziti.

Matenda musawapeputse, chifukwa pa nkhondo ya ku East Africa anapha anthu ambiri kuposa zipolopolo. "Fever" yokha popanda mawu ena ndi malungo. "Blackwater fever" ndi malungo aakulu amene mkodzo umada, ndipo munthu akautchula m'buku ndiye kuti imfa yayandikira. "Dysentery" ndi kamwazi, "jiggers" ndi matekenya, amene ankalemaza magulu athunthu a anthu oyenda opanda nsapato. Mankhwala a malungo anali "quinine", ndipo ku Burma anali "mepacrine", amene ankasintha khungu la azungu kukhala lachikasu. "Invalided" ndi kuchotsedwa kunkhondo chifukwa cha matenda kapena mabala. "M.O." ndi dokotala wa asilikali, "dresser" ndi wothandiza wake womanga mabala, amene kawirikawiri anali wakuda wophunzira kumishoni. Nkhani ikafika kumapeto kwa 1918 n'kutchula "influenza", ndi chimfine chija chimene chinasesa midzi asilikali ndi amtengatenga akubwerera kwawo.

Ndalama ndi miyeso ingoikani pa tsamba limodzi. Mapeni 12 ankapanga sheleni imodzi, masheleni 20 paundi imodzi. "Bob" ndi sheleni, "tickey" ndi mapeni atatu, "guinea" ndi masheleni 21. Kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971. Mailo imodzi ndi kilomita 1.6, choncho gulu limene layenda mamailo 20 tsiku limodzi layenda makilomita 32 ndi katundu pamutu. Wodwala amene thupi lake latentha kufika 104 akuyezedwa pa Fahrenheit, komwe ndi 40 pa muyeso wa kuchipatala kwathu lero.

Kawerengedwe kake nayi mmene ndimalangizira ophunzira anga. Werengani mutu wonse osaima, pensulo ili m'manja, mukungoika kadontho pa mawu ovuta. Wodya usipa akafuna kuchotsa minga iliyonse, nsima imamuzizirira. Mukamaliza mutuwo, bwererani ku madontho aja ndipo mufufuze mawu okhawo amene abwera kawiri kapena katatu, kapena amene akusintha tanthauzo la chochitika. Kope lanu muligawe potengera woyankhula: tsamba la mawu a maofesala, la mawu a boma, la asilikali wamba, la mawu athu amene alowa m'Chingerezi. Pansi pa mawu aliwonse lembani chiganizo chimene mwawapezamo, ndi zimene zinachitikadi kwa anthu m'Chichewa chanu. Zidule monga C.O., mkulu wa bataliyoni, H.Q., likulu, ndi P.O.W., mkaidi wa pankhondo, zikhale ndi tsamba lawo. Pofufuza pa intaneti muziwonjezera mawu akuti King's African Rifles kapena Nyasaland pambali pa mawu amene mukufunawo, kuti mupeze tanthauzo la nthawiyo.

Ngati muli kufupi ndi Zomba, kaoneni chipilala cha chikumbutso cha Keyala chimene chili pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo mumzinda momwemo muli National Archives kumene kukusungidwa makalata a boma la nthawiyo. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Ku Karonga kuli manda a amene anafa pa nkhondo ya mu 1914, komanso nyumba yosungiramo zinthu zakale. Lipoti limodzi la D.C. mukaliwerenga ndi maso anu, mupezamo mawu ambiri mwa amene ndatchulawa akugwira ntchito yake yeniyeni, ndipo mudzatha kuona ngati wolemba buku lanu anaifufuzadi nkhani yake.